Banja likatha, werengani ngongole musanagawane katundu

Anthu awiri akamasiyana, mkangano umayambira pa zinthu zooneka ndi maso, monga bedi, firiji ndi mipando. Zinthu zimene zidzawasautse kwa zaka zambiri, ngongole ya nyumba ndi penshoni, nthawi zambiri sizitchulidwa n'komwe. Choncho musananyamule chilichonse, khalani pansi mulembe. Pa chinthu chilichonse lembani nthawi imene chinapezeka, dzina limene chinalembetsedwa, mtengo wake lero ndi ngongole imene yatsala. Gwirizananinso tsiku limodzi lowerengera zonse, kaya ndi tsiku limene munasiya kukhala limodzi, chifukwa ndalama za kubanki zimasintha sabata iliyonse. Aliyense aonetse masitetimenti a kubanki a miyezi 12 yapitayi. Wina akayamba kubisa ndalama kapena "kugulitsa" galimoto kwa m'bale wake pamtengo wolira, zimaonekera m'mapepala amenewa.

Mtengo woti mulembe ndi umene chinthucho chingagulidwe lero. Galimoto yoyenda zaka zisanu siingawerengedwe pa mtengo umene inagulidwira. Pa nyumba ndi bizinesi itanani katswiri woyeza mtengo amene nonse mwamuvomereza. Ngati simukhulupirirana, aliyense aitane wake, ndipo mutenge pakati pa mitengo iwiriyo.

Tiyerekeze kuti nyumba mtengo wake ndi 100 koma ili ndi ngongole ya 40. Chimene mukugawana ndi 60 basi. Pali galimoto ya 10, penshoni ya mmodzi wa inu imene yakula ndi 30 pa zaka zimene munali limodzi, ndi ngongole ina ya 10. Zonse pamodzi ndi 90, ndipo ngati mwagwirizana zogawana pakati, aliyense ayenera kupeza 45. Wotsala m'nyumba watenga kale 60. Mnzake akatenga galimoto, penshoni ndi ngongole ija, ali ndi 30. Ndiye kuti wa nyumbayo ayenera kumupatsa mnzakeyo 15, ndipo mulembe tsiku lomalizira kulipira. Koma chenjerani apa: 30 ya penshoni siifanana ndi 30 ya m'manja, chifukwa penshoni kawirikawiri siitapika mpaka munthu atapuma pantchito ndipo mwina idzadulidwa msonkho. Nayo nyumba ikadzagulitsidwa pamachoka ndalama za loya ndi za wogulitsa.

Funso lovuta n'lakuti ndi katundu uti amene alowe m'chiwerengero. M'malamulo a mayiko ambiri, zimene munthu anali nazo asanalowe m'banja, chuma chamasiye ndi mphatso zimene anapatsidwa iye yekha zimatsala kwa mwini wake. Vuto limabwera zikasakanikirana. Malo anali a mmodzi, koma nyumba inamangidwa ndi ndalama za onse. Apa n'chanzeru kulekanitsa mtengo wa malo ndi wa nyumba, ndipo malisiti a simenti, malata ndi malipiro a amisiri amathandiza kuposa kulumbira.

Chimene ife timakana kwamtuwagalu ndi maganizo akuti amene sankalandira malipiro sanasonkhe kanthu. Amene ankalera ana, kuphika ndi kudwazika matenda ndi amene anapatsa mnzake mpata wopita kuntchito m'mawa uliwonse. Mu 2000, pa mlandu wa White v White, khoti lalikulu la ku Britain linagamula kuti pogawa chuma pasakhale kukondera wopeza ndalama n'kupondereza wosamalira pakhomo. Pangano la Maputo la 2003 lokhudza ufulu wa amayi mu Africa, m'ndime 7, limanenanso kuti banja likatha mwamuna ndi mkazi agawane mwachilungamo chuma chimene anapeza limodzi. Komabe malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku South Africa, okwatirana osalemba pangano lapadera ukwati usanachitike amakhala kuti chuma ndi ngongole zawo ndi za onse awiri. Ku England, anthu ongokhalira limodzi osamanga ukwati alibe ufulu wofanana ndi wa okwatirana, ngakhale atakhala zaka 20. Musanasaine chilichonse, funsani loya wa komwe mukukhala.

Pa ngongole m'pamene ambiri amagwa m'mbuna. Banki siinasaine nawo pangano lanulo. Ngati ngongole ya nyumba ili m'mayina a nonse, mnzanu akasiya kulipira banki idzakutsatani inu, ngakhale munatuluka m'nyumbamo kalekale. Njira ndi ziwiri: wotsala m'nyumba atenge ngongole yatsopano m'dzina lake yekha, kapena nyumba igulitsidwe ngati banki yaona kuti payekha sangakwanitse. Akaunti ya nonse itsekedwe, kapena isinthidwe kuti ndalama zizituluka nonse mukasaina. Ngati munaimira mnzanu pa ngongole ya bizinesi, kapena katundu wanu ndiye chikole, kumbukirani kuti kusiyana sikufafaniza siginecha yanu.

Za m'nyumba musatayirepo nthawi. Chitani maere kuti muone woyamba, kenako muzisankha chimodzichimodzi mosinthana. Zida zogwirira ntchito zipite kwa amene amadyerapo, ndipo za ana zitsate anawo. Ndalama zothandizira ana ndi nkhani yapayokha, ndi ufulu wa anawo, ndiye musazisinthanitse ndi galimoto kapena mipando.

Mukalephera kumvana, mkhalapakati wosakondera amachepetsa ndalama ndi nthawi zimene mukanataya kukhoti. Koma ngati m'banjamo munali nkhanza kapena kuopsezana, musakambirane muli awiriwiri, chifukwa wamantha amavomera zilizonse kuti angochoka. Zikatero nkhani idutse kwa loya kapena kukhoti.

Zimene mwagwirizana zilembedwe, nonse musaine pamaso pa mboni, ndipo kumene lamulo limalola, khoti lizitsimikize kuti zikhale chigamulo. Kenako sinthani mayina pa chikalata cha nyumba ndi cha galimoto pasanathe nthawi imene mwaika, chifukwa mmodzi akamwalira kapena kugwa m'ngongole mayina asanasinthidwe, abale ake kapena omukongoza adzatsata zimene zili pachikalatapo. Onaninso wilo yanu (chikalata chonena amene adzatenge chuma chanu mukamwalira), inshuwalansi ndi fomu ya penshoni, poti dzina la wodzalandira ndalama nthawi zambiri limakhalabe lomwelo mpaka mutalembera bungwelo kuti lisinthe.