Sauna ya mkamwini

Kwathu ku Dowa, mkamwini akaona apongozi aakazi akubwera m'njira amapatukira patchire, ngakhale patakhala chitedze. Zodyera nawo mbale imodzi ndiye musayambe n'komwe. Ine ndinakula ndi mwambo umenewu ndipo ndinaunyamula mpaka ku Finland, kumene ndinakwatira mwana wa eni dziko. Tsoka lake, kuno ulemu waukulu umene munthu angakupatse ndi kukuitana kuti mukavulire limodzi.

Ndikunena za sauna. Ndi kachipinda ka matabwa, pakona pali mbaula yodzaza miyala, kutentha kwake madigiri 80 kapena kuposerapo, ndipo wina amathira madzi pamiyalapo kuti nthunzi iwaule onse. Tinene kuti ndi kufukiza kuja timachita ndi masamba a bulugamu titafunda bulangete, kungoti bulangete lake ndi la matabwa ndipo mkatimo mulinso apongozi. Dziko la anthu oposa 5.5 miliyoni lili ndi masauna pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mu 2020 a UNESCO anaulemba mwambowu m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu. Kale amayi ankachirira mmenemo, maliro ankasambitsira mmenemo. Mzinda wa Tampere, umene ndimayendetsamo basi, umadzitcha likulu la sauna padziko lonse, ndipo ku Pispala kuli ina yolowa aliyense, ya Rajaportti, yomwe anayamba kuisonkhezera mu 1906 mpaka lero. Amuna amalowa paokha, akazi paokha, koma onse ali chibadwire. Choncho apongozi aamuna akandiitana Loweruka madzulo, ine mutu unkandiwawa. Anafika pofunsa mwana wawo ngati ku Malawi kuli matenda ogwira Loweruka lokha.

Kenako tinagula nyumba, imodzi mwa zija amati rintamamiestalo. Anazimanga zambirimbiri nkhondo yachiwiri itatha, kumangira asilikali obwera kunkhondo ndi anthu oposa 400,000 amene anasamuka ku Karelia dera lawo litatengedwa ndi Soviet Union. Zonse n'zofanana: makoma a matabwa othiramo utuchi kuti muzifunda, chumuni chimodzi pakatikati, zipinda n'kuzungulira chumunicho. Pansi pa nthaka pali chipinda china. Kwathuko munali sauna kalekale, koma inawola, mwini wakale n'kumasungiramo kachewere.

Apongozi atasuzumira m'chipindamo anangoti, "Ndibwera ndi zida." Bambo amenewa salankhula zambiri. Mawu amene amalankhula pa mwezi, malume anga amawamaliza asanakhale pansi.

Ndinakana mwaulemu. Mkamwini amadziwika ndi nkhokwe imene wamanga yekha, ndipo ine ndinamangapo nkhokwe, khola la mbuzi ndi bafa la udzu. Komanso mumtima ndinali ndi pulani: sauna ikakhala yanga, malamulo akhala anga, ndipo lamulo loyamba ndi thaulo m'chiuno.

Poyamba zinthu zinayenda. Lamulo la kuno limati nyumba yomangidwa isanafike 1994 usaigumule asanayeze ngati muli asbestos, ndiye anabwera n'kuyeza. Woyeretsa chumuni anabweranso n'kuvomereza kuti mbaula ya nkhuni ilumikizidwe. Makoma ndiye ndinawagwira mwaukatswiri, ndipo aliyense wotsutsa abwere adzaone. Umayamba ndi zotchinga kutentha, pamwamba pake pepala la aluminiyamu, molumikizira monse n'kumata bwinobwino, kenako n'kusiya kampata kodutsa mpweya usanakhome matabwa. Ukachita ulesi pamenepo nthunzi imalowa m'khoma n'kukanyowetsa utuchi uja, ndipo nyumba yomwe yapirira chisanu zaka 70 imayamba kuwola mwakachetechete. Akazi anga atabwera kudzaona anagwedeza mutu n'kunena m'Chichewa chawo chophunzirira ku Zomba, "Bambo a kunyumba, mwaitha."

Mawu amenewo ndi amene anandilowetsa m'mavuto, chifukwa kuyambira pamenepo sindinafunsenso munthu.

Mabenchi a sauna amapangira mitengo yopanda utomoni komanso yosatentha msanga, monga haapa, kapena abachi wochokera ku West Africa. Nditaona mtengo wake ndinatuluka thukuta sauna isanamangidwe. Pambali pake panali matabwa a paini otchipa, okongola, a mfundo zakudazakuda. Paini ndimamudziwa ine, wa ku Chikangawa tinkakhomera chilichonse kuyambira mipando mpaka mabokosi a maliro, ndipo palibe anabwerako kudzadandaula. Mnyamata wogulitsa anafunsa kuti, "Ndi a sauna?" Ndinati ayi, ndi a mashelefu. Sindinkafuna ulaliki.

Misomali ndinakhomera pamwamba, mitu yake ili mbee pamzere wowongoka bwino. Ndinamva pambuyo pake kuti eni ake amakhomera kunsi kuti chitsulo chisakhudze khungu, koma zimenezo ndi zobisa luso la mmisiri.

Ya miyala ndiye tinakangana. Mayi a kunyumba anati tikagule yapashopu, ya m'makatoni a makilogalamu 20, akuti ndi mtundu wina wolimba wosasweka ndi moto. Ine kugula miyala? M'katoni? Amayi anga atamva angandiyese wopenga, poti kumunda kwathu miyala timachita kulemba aganyu kuti aichotse. Dziko lino lili ndi nyanja pafupifupi 188,000, ndipo iliyonse ili ndi miyala yaulere m'mphepete. Ndinapita ndi thumba n'kutola yosalala bwino, yonyowa kumene. Chitseko ndinasiya chakale chomwe chija cha kachewere. Chinkatsegukira mkati, koma chitseko ndi chitseko.

Tsiku lotsegulira linali Loweruka lina mu February, kunja chipale chili m'mawondo. Tinagwirizana kuti amuna tiyambe, amayi atsale kukhitchini akuotcha masoseji. Apongozi ndi alamu anga anavula pakhomo pomwepo ngati palibe chachilendo, ine maso ali kudenga, ndikuwerenga matabwa amene ndinakhoma ndekha. Ndinamanga thaulo lalikulu kuposa onse m'nyumbamo, lofika m'akakolo.

Apongozi analowa, n'kuyang'ana khoma, kuligogoda, kugwedeza mutu. Mtima wanga unati myaa. Kenako ananunkhiza m'mwamba.

"Paini," anatero.

"Eya bambo, paini weniweni," ndinayankha monyada.

Iwo anayala kansalu kawo n'kukhalapo. Ine ndinakwera pamwamba penipeni, malo a mwini nyumba, pomwe panali thabwa la mfundo zokongola kwambiri. Choyezera kutentha chinali pa 90. Fungo linali lokoma zedi, ndipo mfundo zija zinayamba kunyezimira, ine n'kumati ndi mmene matabwa abwino amachitira.

Woyamba kulandira mphoto anali alamu. Anatsamira kumbuyo, n'kudzuka msangamsanga akutulutsa mawu ena a Chifinishi amene aphunzitsi athu a chilankhulo sanatiphunzitse. Pamsana pawo panali timadontho tofiira tinayi, pamzere wowongoka bwino. Ngakhale iwo anavomereza pambuyo pake kuti mzerewo unali wowongoka.

Apongozi anandipatsa chikho kuti mwini sauna ayambe kuthira. Eni ake amathira pang'onopang'ono, kumvetsera mmene nthunzi ikuyendera. Ine ndinati alendo asanene kuti mkamwini ndi womana, ndiye ndinatunga chodzaza, kukhuthula, kutunganso, kukhuthula. Nthunzi inakwera kudenga n'kutsikira pamakutu anga. Ndinamva ngati wina akuwapotokola ndi pulayala. Ndinalimba mtima, mano ali gwa, kuyembekezera kuti wina ayambe kutuluka.

Ndiye mwala unaphulika. Phuu! Kachidutswa kanawomba ndowa kuti ngwee, kena kanandidutsa pamphuno. Mwala wa m'nyanja umakhala ndi ming'alu yosunga madzi, ndipo madziwo akawira mkati amafuna potulukira. Zimenezi ndikuzidziwa tsopano. Pa nthawiyo ndinangodziwa kuti tikuwomberedwa.

Ndinadumpha kuchoka pamwamba paja mpaka pachitseko osaponda pena paliponse. Thaulo silinabwere nawo. Utomoni unali utasungunuka m'mfundo zija n'kuligwira kuti nga, ndipo linatsala pabenchi lili chikhalire, likusunga malo a mwini nyumba.

Ndinakoka chitseko. Chinali chitafufuma ndi nthunzi, osasuntha. Ndinakokanso ndi mphamvu zonse za mwana wa ku Dowa, chogwirira n'kuzuka, kutsala m'manja mwanga. Tsono taganizani, abale anga. Kachipinda n'ka mamita awiri mbali zonse. Ndikayang'ana kuchitseko, apongozi ndawalozetsa kumbuyo. Ndikatembenuka, ndiye mlandu wokulirapo. Ndinayesa chammbali, koma kumeneko kunali mbaula. Ndinatola chikho chija n'kuphimba pamene chikanatha kuphimba.

Apongozi sanasunthe ngakhale pang'ono. Anapukuta thukuta pachipumi n'kunena chiganizo chachitali kuposa zonse zimene anandiuzapo chikwatirire mwana wawo: "Chitseko cha sauna chimatsegukira kunja, kuti munthu akakomoka ena athe kumutulutsa."

"Zikomo bambo," ndinatero, poti ulemu sutha.

Kenako mwala wachiwiri unati phuu, ndipo Chifinishi chonse chinandithawa. "Mayo ine! Ndikufa kuno! Tithandizeni!" Ndinkamenya chitseko ndi chogwirira chija.

Ndinkayembekezera akazi anga. Koma amene anali pafupi ndi masitepe anali apongozi aakazi, mayi wamphamvu zake amene anagwira unamwino mpaka kupuma. Anachigunda chitseko ndi phewa kamodzi kokha. Poti chimatsegukira mkati, chinandipeza ine. Ndinagwa chagada, miyendo m'mwamba, chikho n'kuulukira uko.

Panali zii. Nthunzi inatuluka yonse, kuti pasakhale chobisa chilichonse. Apongozi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, monga ankayang'anira odwala awo, kuona ngati pali magazi. Atakhutira anafunsa kuti, "Masoseji udya angati?"

Sindikumbuka mmene ndinadzukira. Ndinangozindikira ndadutsa pakhomo lakuseri, ndili pabwalo, m'chipale, thupi likufuka utsi. Ndinadzigwetsa momwemo kuti mwina dziko lindimeze. Aneba athu, mdala amene chisamukire sanandipatseko moni, anali akukolopa chipale pakhomo pawo. Anaima, kundiyang'ana, n'kukweza chala chachikulu m'mwamba. Kuno kugubuduka m'chipale pochoka mu sauna ndi chizindikiro cha munthu wodziwa zinthu. Kuyambira tsiku limenelo amandipatsa moni, ndipo anauza msewu wonse kuti Mwafirika uja ndi Mfinishi weniweni.

Usiku umenewo mayi a kunyumba anandichotsa utomoni ndi mafuta ophikira, m'malo amene sindingawatchule pano, akuseka mpaka misozi. Thaulo tinachita kulichotsa ndi tchizulo. Loweruka lotsatira apongozi anafika ndi zida zija, matabwa a haapa ndi katoni ya miyala yogula. Makoma anga sanawakhudze, ndipo ndikufuna zimenezi zilembedwe. Paini wanga anathera mu mbaula, ndipo anayaka bwino kwambiri.

Ndinkati nkhaniyi ithere konkuno, koma akazi anga anaifotokoza yonse kwa amayi pa WhatsApp. Foni inalira m'mawa.

"Iwe, zimene ndamvazi n'zoona? Apongozi ako aakazi?"

"Eya, amayi."

"Anaona kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Konsekonse, amayi."

Anakhala chete nthawi yaitali, ndinkangomva nkhuku zikulira kumudzi. Kenako anagamula kuti ndipeze tambala wamkulu, ndipite naye kwa apongozi, ndikagwade ndi kupepesa, apo ayi iwo sadzatha kuyang'anana ndi asewere awo.

Tambala wamoyo m'mashopu a ku Tampere mulibe. Ndinagula nkhuku yowumitsa mufiriji, yaikulu kuposa zonse, n'kupita nayo. Ndinagwada pakhomo, maso pansi, n'kuipereka ndi manja awiri. Apongozi anailandira, kuitembenuza, kuwerenga deti yake, n'kukaiika mufiriji mwawo. Patapita sabata anabwera nayo kwathu, n'kufunsa ngati firiji yathu tsopano yakonzedwa.