Zikomo azakhali anga, mbaula zinafika pabwalo

Ndangofika kumene kuno ku Matawale, mapazi atupa, chitenje chikununkha utsi wokhawokha, koma sindingagone ndisanathokoze.

Ambiri mukudziwa zomwe zinandigwera mwezi watha. Mwa mbaula 20 za chitetezo, zadongo zosatha nkhuni zambiri, zomwe ndinaumba kuti ndikaonetse pa chionetsero cha zaluso chomwe chachitika lero pabwalo mu Zomba muno, 13 zinang'aluka muuvuni. Ndinalira pansi pa mtengo wa mango ngati pagwa maliro.

M'mawa mwake azakhali anatulukira kuchokera ku Songani, osaitanidwa. Anatola phale limodzi, kulitembenuza, n'kuti, "Mwanawe, dongoli silinavunde, komanso waotcha zisanaume." Basi, osakalipa. Madzulo ake anabweretsa dongo lawo lomwe, limene analikwirira m'dzenje masabata awiri atalikulunga m'pulasitiki. Tinaponda limodzi, iwo ndi mawondo awo opweteka aja, kutola timiyala kamodzikamodzi. Anandiletsa kuyanika padzuwa, zonse zinaumira m'nyumba pamthunzi, ndipo usiku ankadzuka ndi tochi kukaona ngati pali yomwe yayamba mng'alu. Azakhali, ndikubwezerani chiyani ine?

Lero pabwalo panali zambiri. Ophunzira a ku yunivesite ya ku Chirunga anabwera ndi choumitsira matemba a ku Chilwa ndi dzuwa, ntchentche osafikapo. Anyamata ena amaumba makala ndi utuchi komanso mapepala otayidwa, ndipo ana anaunjikana pa mpondagiya kusamba m'manja mpaka madzi kutha. Nonsenu zikomo, tinabwerekana mipando ngati apachibale.

Koma anthu anadzaza pathu chifukwa cha azakhali. Ine ndimati ndingoyala mbaula n'kumafotokoza. Iwo anati ayi, moto uyankhule wokha. Anaika mafuwa atatu apa, mbaula apa, khomo lake kuloza kochokera mphepo, miphika yofanana. Pamafuwa nkhuni zimangotha, pambaula tizitsononkho ndi timapesi ta nandolo, madzi n'kuwira ndithu. Mayi wina wa ku Chikanda anagwada n'kusuzumira m'kati, kenako anayang'ana kuphiri komwe amakatola nkhuni mbandakucha, n'kumasula mfundo ya chitenje pompo. Boma linkanena za mbaula 2 miliyoni pofika 2020, koma mu Zomba momwe muno alipo amayi amene aiona ikuyaka koyamba lero.

Inu amene munalonjeza galimoto foni n'kuzima m'mawa, musadandaule. Achimwene awiri a kabaza anatinyamulira maulendo atatu, mbaula titazikuta ndi udzu, osasweka ndi imodzi yomwe. Ambuye awadalitse achimwene amenewa, njinga zawo zisaphulike matayala.

Mulungu wanga, mwandipukuta misozi. Muwapatse azakhali masiku ambiri, muwachize mawondo. Panopa agona pamphasa apa, dongo likadali m'zikhadabo, ndalama yomwe ndimawapatsa akana. Mbaula imodzi ndaibisa, mawa ndikawakwezera nayo minibasi ya ku Songani.