Kiyi amene satsegula chitseko

Dzulo ndagona mtima uli m'malo. Masiku atatu ndakhala ndikulimbana ndi mawu amodzi, NO_PUBKEY, uthenga umene apt (pulogalamu yoikira ma package, ndiko kuti mapulogalamu, pa Debian ndi Ubuntu) imatulutsa ikasowa kiyi. Dockerfile yanga (fayilo ya malangizo omangira image ya Docker), imene inkayenda bwinobwino mwezi watha, ikangofika pa apt-get update basi yaima. Image ndi pulogalamu yomangidwa pamodzi ndi zonse zimene imafuna, ndipo container ndi image imene ikuyenda.

Chimene chinkandisokeretsa ndi dzina lakuti kiyi. M'mutu mwanga kiyi ndi wotsegulira chitseko, choncho ndinkaona ngati repository, seva imene apt imatengako ma package, yanditsekera panja. Ayi ndithu, palibe chokhoma apa. Repository imatumiza fayilo yotchedwa InRelease, ndipo fayiloyi imabwera yosainidwa. M'kati mwake muli ma hash a SHA256 (manambala ozindikiritsa fayilo, amene amasintha fayiloyo ikasinthidwa) a mafayilo a Packages, ndipo mu Packages muli hash ya .deb iliyonse, ndiko kuti package iliyonse. Ndi chingwe chimodzi, mutu wake ndi siginecha ija. Ntchito ya kiyi ndi kuthandiza apt kuzindikira siginechayo, monga kalaliki amene walandira kalata yodindidwa ndi mfumu. Ngati chidindocho sakuchidziwa, kalatayo aibweza ngakhale ikhale yoona.

Nditamvetsa apa, zina zonse zinangolowa zokha. Image imanyamula makiyi amene analipo tsiku limene inamangidwa, ndipo amangokhala momwemo. Eni repository akasintha kiyi, kapena kiyi wakale akatha nthawi yake, image siidziwa kanthu. Ndinawerenga za kampani ya NVIDIA, amene pa 27 April 2022 anasintha kiyi wosainira repository ya pulogalamu yawo ya CUDA. Ma image amene anamangidwa tsikulo lisanafike anayamba kudandaula za NO_PUBKEY A4B469963BF863CC. Palibe chinathyoka. Chidindo chinali chatsopano, kalaliki anali ndi chitsanzo chakale.

Yanga inali repository ina. Ndinatenga kiyi watsopano, ndinamudutsitsa mu gpg --dearmor kuti akhale mmene apt imamuwerengera, ndinamuika mu /etc/apt/keyrings ndi COPY ya mu Dockerfile, ndinalemba signed-by, mawu ouza apt kiyi wa repository imeneyo. Uthenga womwe uja unabweranso! Cha m'ma 11 koloko usiku ndinalowa mu container n'kulemba ls -l, ndipo pambali pa fayilo panaoneka -rw-------, kutanthauza kuti mwini fayilo yekha ndi amene angaiwerenge. Fayilo inabwera ndi ma permission a pa laputopu yanga, pamene apt imachita ntchitoyi kudzera mwa user wotchedwa _apt, osati root, user wamkulu amene anali mwini fayiloyo. Kiyi analipo, koma woti amuwerenge sankaloledwa. Mzere umodzi wa chmod a+r, wolola aliyense kuwerenga fayiloyo, build inadutsa mpaka kumapeto.

Panopa ine ndi signed-by sitisiyananso. Repository iliyonse ndi kiyi wakewake, ndipo kiyiyo ndimamusunga pambali pa Dockerfile mu Git, mosungira code. Ndikuona kuti aliyense akamatero vutoli lingachepe ndithu. Njira yakale ya apt-key add inkachititsa kuti kiyi mmodzi akhulupiriridwe pa ma repository onse, n'chifukwa chake mu Debian 11 inayamba kuchenjeza kuti yatha ntchito.

Chimene chikundiwawa ndi chakuti aphunzitsi athu nditawafunsa anangoti, "Ikanipo trusted=yes, nthawi yatha." Ndinaikadi, ndipo zinayenda. Koma tanthauzo lake ndi kuuza kalaliki kuti asamayang'anenso chidindo, alandire kalata iliyonse. Izi sanatiuze. Ndikudziwa kuti silabasi ndi yaitali ndipo kalasi ndi yaikulu, koma mphindi 10 zikanakwana kujambula chingwe chija pa bolodi. M'malo mwake bandulo yanga yathera pa kumanga image yomweyomweyo kambirimbiri.

Pali chimodzi chimene chikundisowetsabe mtendere. Kiyi woyamba uja ndinamutenga pa seva yomweyo imene ikunditumizira ma package. Wina atalanda sevayo, sangasinthe zonse ziwiri? Akuti uziyerekeza fingerprint, nambala yozindikiritsa kiyiyo, ndi imene yalembedwa kwina, koma kwinako ndikukhulupirira pa chifukwa chanji? Komanso kiyi amene ndamusunga mu Git adzatha nthawi yake tsiku lina, ndipo sindinapezebe njira yoti ndidziwiretu build isanaime.