Kuthokoza masukulu amene tinagwirizana nawo pophunzitsa ana athu

Ine monga mphunzitsi wamkulu wa sukulu yaing'ono ya sekondale, ndalemba mawu ano kuti ndithokoze poyera akuluakulu ndi aphunzitsi a masukulu atatu amene tinapangana nawo zophunzitsira limodzi, popeza sabata yathayi ophunzira athu oyamba kuphunzira Fizikisi kudzera pa intaneti amaliza kulemba mayeso awo.

Mphunzitsi wathu wa phunziroli atasamuka, tinakhala miyezi yambiri osapeza wolowa m'malo mwake, ndipo tinatsala pang'ono kuwauza anawo kuti asankhe phunziro lina. Njira yophunzitsira pa intaneti sinali yachilendo kwa ife, chifukwa mu 2020, pamene mliri wa COVID-19 unatseketsa masukulu ndipo bungwe la UNESCO linawerengera kuti ophunzira oposa 1.5 biliyoni akhudzidwa, nafenso tinayesapo Zoom ndi WhatsApp. Koma nthawi imeneyo sukulu iliyonse inkalimbana nazo payokha, ndipo zambiri zinathera panjira.

Ambiri akamva za ntchitoyi amafunsa za makompyuta, pamene chimene chinativuta koposa chinali ndondomeko ya nthawi ya maphunziro. Belu la pasukulu pathu linkalira mphindi khumi belu la anzathu lisanalire, motero ana athu ankakhala chete kuyang'ana kompyuta, kudikira mphunzitsi amene anali akadali m'kalasi ina. Ndikuthokoza achiwiri kwa aphunzitsi aakulu amene anakhala pansi masiku angapo n'kuphwasula ndondomeko zawo, zimene zinkayenda bwino kale, pofuna kuti zigwirizane ndi yathu. Aliyense amene anakonzapo ndondomeko yotere akudziwa kuti kusuntha phunziro limodzi kumasokoneza aphunzitsi ena ambiri, ndipo madandaulo onsewo anawasenza ndi iwo.

Kwa mayi amene ankaphunzitsa phunziroli, mawu anga ndi ochepa poyerekeza ndi zimene munachita. Munachonga ntchito za ana amene simunakumanepo nawo maso ndi maso, kuchokera pa zithunzi zojambulidwa pa foni, zina zopendekeka, zina zakuda moti manambala sankaoneka bwino. Tsiku lina mawu anaduka pakati pa phunziro la magetsi, ndipo madzulo a tsiku lomwelo munalijambulanso lonse n'kuliika pa Moodle, pulogalamu yaulere ija imene masukulu akhala akuigwiritsa ntchito kuyambira 2002, kuti ana alipeze m'mawa mwake. Simunatiuze n'komwe kuti mwachita zimenezi; tinangoona phunziro lilipo.

Ndithokozenso bambo wina wachikulire wa pasukulu ina mwa atatuwa, amene anaumirira kuti phunziro lililonse likhalenso ndi mapepala osindikiza. Anatikumbutsa kuti maphunziro a patali anayamba kalekale intaneti isanabwere, kuti University of South Africa inayamba kuphunzitsa kudzera m'makalata mu 1946, ndiponso kuti Open University ya ku Britain, yomwe inakhazikitsidwa mu 1969, inkadalira mabuku, wailesi ndi wailesi yakanema. Poyamba ndinkaona ngati akutibweza m'mbuyo, ndipo ndikuvomera kuti ndinalakwitsa, pakuti masiku amene netiweki inakana, mapepala omwewo ndi amene anatipulumutsa.

Sindingaiwale mphunzitsi wathu wa Chingerezi amene anavomera kukhala m'kalasi nthawi yonse ya phunziro losakhala lake, kuyang'anira ana, kujambula makope awo ndi kutumiza mafunso awo. Makolo, zikomo chifukwa chotikhulupirira pamene ifenso sitinali otsimikiza.

Zotsatira za mayeso sizinatuluke, koma tagwirizana kale kuti teremu ikubwerayi mphunzitsi wathu wa masamu aziphunzitsa kalasi ya imodzi mwa masukulu atatuwa, ndipo ulendo uno belu limene lisinthidwe ndi lathu.