Situdiyo yatseguka: zikomo a Zomba, zikomo Bambo a mawailesi

Abale anga, thupi latopa, mawu asasa, koma tulo sitibwera ndisanathokoze. Situdiyo yatseguka. Loweruka lapitali ophunzira anga oyamba a luso la mawu, lojambula mawu a mauthenga a pa wailesi ndi pa kanema, anamaliza maphunziro awo ku Matawale, ndipo aliyense anatuluka ndi demo yake, chitsanzo cha mawu ake choonetsa makasitomala, yojambulidwa m'chipinda chathuchathu. Ambuye alemekezeke. Ndikulemba misozi ili m'maso, ndiye pomwe pasokonekera mundikhululukire.

Nkhaniyi mukuidziwa, sindiibwereza yonse. Marichi 2023, namondwe wa Freddy, madzi ndi matope kulowa m'nyumba yomwe ndinkachita lendi kufupi ndi Likangala. Laputopu, mixer (chipangizo chosakanizira mawu), maikolofoni, hard drive yomwe munali ntchito za makasitomala, zonse m'matope. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo chino cha kummwera, ena anataya ana, ena mudzi wonse, choncho ine sindikanalira pagulu chifukwa cha zipangizo. Koma zipangizozo ndi zimene zinkadyetsa ine ndi mayi anga. Nditayamba kutolera kandalama koti ndigule zina, mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Maikolofoni sitipanga kuno, chingwe chake chomwe chimachokera kunja. Ndalama yomwe ikanagula zipangizo ziwiri inalephera kugula ngakhale chimodzi. Pamenepo ndi pomwe ndinafooka zenizeni, kuposa tsiku la madzi lija.

Tsopano ndinene za munthu amene wandichititsa kulemba zonsezi. Andiletsa kutchula dzina lawo, ndipo ndiwamvera. Ambiri a inu mumangowadziwa kuti Bambo a mawailesi, aja amakonza mawailesi ndi ma TV pakhonde cha kumsika. Si abale anga. Sitipemphera mpingo umodzi. Ndinkangowapititsira zingwe zoduka kuti andiwotcherere, basi.

Bambo, ndikudziwa kuti pa Facebook simulipo, koma mdzukulu wanu akuwerengerani, ndipo asadumphe mzere ngakhale umodzi.

Tsiku lomwe ndinabwera ndi mixer m'thumba la feteleza, matope akuchucha, ndinkafuna mundigule zitsulo zake ndipeze ya ufa. Munandifunsa funso limodzi lokha: "Mwaiyatsa?" Nditati ayi, munati, "Ndiye ikadali moyo, mwanangu." Munandifotokozera kuti chimene chimapha chipangizo si madzi okha ayi, koma kuchiyatsa chikadali chonyowa, ndi matope otsalira amene amasunga chinyezi n'kumadya tinjira ta magetsi pang'onopang'ono. Munaitsegula yonse, kutsuka bolodi lililonse ndi sipiriti ndi kamswachi, kuiyanika pamthunzi, osalola aliyense kuikhudza. Munaisamalira ngati mwana wodwala. Maikolofoni ya mtundu wa condenser, yosachedwa kuwonongeka, munandiuza poyera kuti yapita, chifukwa kachikopa kake ka m'kati n'kopyapyala kwambiri, sikagwirizana ndi chinyezi ndi dothi. Simunandinamize kuti mundidyere ndalama. Koma ya mtundu wa dynamic, yolimbirapo, inadzuka, mixer inadzuka, ndipo ndi zimenezo ndinajambulira uthenga woyamba umene unandibwezera pa ntchito. Nditakufunsani mtengo munandiyang'ana mokwiya, n'kunena kuti ndipite ndikagule ndiwo.

Zikanathera pomwepo ndikanathokozabe mpaka kufa. Koma munapitiriza. Kachipinda ka kuseri kwa nyumba yanu, komwe munkasungamo ma TV akale a anthu osabwera kudzatenga, munakatulutsa katundu n'kunena kuti ndiyambiremo. Amayi akunyumba kwanu sanadandaule ngakhale tsiku limodzi, m'malo mwake ankatibweretsera tiyi ndi mbatata. Amayi, zikomo, Mulungu akuwonjezereni masiku.

Anthu amaganiza kuti situdiyo ndi maikolofoni yodula. Ine ndakhala pa ntchitoyi zaka zambiri ndipo ndinena mosabisa kuti chipinda ndiye chimaposa maikolofoni. Anyamata ambiri amamata mathireyi a mazira pakhoma n'kumati amaliza, koma mathireyi saletsa phokoso lakunja. Phokoso limaletsedwa ndi khoma lolemera ndi kutseka mipata yonse, ya pansi pa chitseko, ya m'mazenera. Kuti mawu asamabwerere kuchokera pakhoma, pamafunika zinthu zofewa ndi zochindikala. Bambo anayenda nane m'kaunjika kusankha mabulangete olemera, tinapachika ndi zidutswa za matiresi, kalipentala n'kukhoma siling'i pansi pa malata ndi kuikamo zofewa pakati. Amene mumakhala m'munsi mwa phiri lino mukudziwa mvula ya Zomba ikagunda malata, munthu sumva ngakhale mawu ako omwe. Njinga zamoto za kabaza, atambala a aneba, ana ochokera kusukulu, zonsezo maikolofoni imatola.

Ndiye panali kaphokoso kena kong'ung'udza pansipansi m'mahedifoni, kamene kanandisowetsa mtendere. Bambo anangomvetsera kamodzi n'kunena kuti ndi magetsi, 50 Hz, waya wa earth palibe. Anakumba okha, pa msinkhu wawowo, n'kukhoma chitsulo pansi, kaphokoso kaja zii. Pa nkhani ya kuzima kwa magetsi anandiletsa kugula inverter (chosinthira magetsi a batire kuti ayendetse zipangizo) yotchipa, akuti imalowetsa phokoso lake m'mawu. Tinadikira mpaka tinapeza yabwino, ndi batire ndi sola. Lero magetsi akazima pakati pa chiganizo, wophunzira amapitiriza osadziwa n'komwe.

Koma chimene sindidzaiwala, Bambo, n'chakuti ntchito yangayi munaitenga ngati ntchito. Simunanenepo kuti ndikusewera. Munkakhala pakampando kanu kumbuyo pamene ndikuphunzitsa, chete, mpaka wophunzira wina atawerenga uthenga wa kolera mothamanga, munadzutsa mutu n'kunena kuti, "Mwanangu, mukuwerenga, simukulankhula. Agogo anu ku Jali akumvani?" Mwakhala mukumvera wailesi tsiku ndi tsiku kuyambira nthawi imene m'dziko muno munali MBC yokha, ndipo khutu lanu limadziwa munthu amene akulankhula ndi anthu ndi amene akungotaya mawu mumphepo. Funso lanu lija tsopano ndi muyezo wathu. Wophunzira aliyense akamaliza kujambula amadzifunsa yekha ngati agogo ake amumva.

Kwa inu ophunzira anga, ndakunyadirani. Munabwera ena mukuganiza kuti mawu abwino ndi mawu aakulu okhaokha, ena mukutsanzira aulutsi akunja mpaka lilime kupindika. Mwaphunzira kupuma kuchokera m'mimba osati pachifuwa, kuima patali ndi maikolofoni ngati kutalika kwa chikhatho chotambasula, kupatutsa pakamwa pang'ono kuti mpweya wa ph, th ndi kh usamenye maikolofoni. Mwaphunzira kulemba zizindikiro papepala, popumira ndi potsindika. Mwaphunzira kudula ndi kuyeretsa mawu anu pa Audacity, pulogalamu yaulere, kuti kusowa ndalama kusakhale chifukwa, ndi kutumiza ntchito ya kanema mu fayilo yosunga mawu bwino ya WAV ya 48 kHz osati kauthenga ka mawu ka pa WhatsApp. Chimene chinakuvutani kwambiri, ndipo chimavuta aliyense, ndi kukwanitsa uthenga wonse m'masekondi 30. Kasitomala amalemba uthenga m'Chingerezi, wina n'kuumasulira liwu ndi liwu, Chichewa chake n'kutalika mpaka kusefukira. Ndiye amati "ingothamangani". Ayi. Wothamanga samveka. Uthengawo umalembedwanso m'Chichewa chimene anthu amalankhula pachigayo ndi pamjigo, n'kuchotsa zosafunika. Mtsikana wa ku Songani uja, amene ankachita manyazi kutsegula pakamwa tsiku loyamba, Loweruka anajambula uthenga womwewo m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo mayi ake analira pamaso pa anthu onse. Inenso ndinalira.

Ndipo musaiwale zimene tinakambirana za ndalama. Mawu anu ndi katundu wanu. Musanalowe m'chipinda, gwirizanani polemba kuti uthengawo udzaulutsidwa pati, kwa miyezi ingati, ndipo akafuna kuugwiritsanso ntchito alipiranso. Pitani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, mukafunse za ufulu wanu, lamulo la Copyright la 2016 lilipo, muliwerenge.

Ndinena izi chifukwa ine zinandiwawa. Pali bungwe lina, silitchulidwa pano, limene mawu anga anamveka pa mauthenga ake miyezi yambirimbiri, koma nditagwa m'mavuto ndi kupempha ndalama yanga yomwe, yogwira kale ntchito, foni inasiya kuyankhidwa. Pali anzanga ena amene tinkadya limodzi, amene ndinkawajambulira ma jingle, tinyimbo totsatsira malonda, ulere usiku wonse, koma matope atalowa m'nyumba sanafunse ngakhale kuti ndagona kuti. Pali achibale amene anati ichi ndi chizindikiro choti ndisiye zamasewerazi, ndipite ku Lilongwe ndikafune ntchito ya muofesi. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ine zanga zinapsa mukuonerera. Sindikusungirani mangawa, ndapemphera kuti mtima wanga umasuke, koma Loweruka nditaona ena mwa inu mukukankhana kuti mujambulidwe nafe chithunzi, zinandipweteka. Ndanena, ndamasuka.

Ambiri anandiuzanso kuti ntchito imeneyi ku Zomba siingayende, makampani otsatsa malonda ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kuno likulu linachoka mu 1975 ndipo ndalama zinapita nalo. N'zoona kuti makasitomala ambiri ali kumeneko. Koma mawu masiku ano amayenda pa intaneti, sakwera minibasi. Ndipo kuno tili ndi achinyamata a zisudzo ndi zoulutsa mawu ku Chanco, tili ndi wailesi ya Chanco ndi YONECO FM, tili ndi aphunzitsi ku Domasi amene ana awo akufunika maphunziro omvera, tili ndi anthu olankhula Chichewa, Chiyao ndi Chilomwe mumsika umodzi. Asodzi a ku Chilwa ndi alimi a ku Chingale ayenera kumva uthenga m'mawu a mwana wakwawo. Ena ayamba kundiopseza kuti kompyuta ikulankhula yokha tsopano. Ndazimvera zimenezo. Zimene ndamva ine zimakweza mawu pamene Mchewa amatsitsa, ndipo munthu wakumudzi amadziwa nthawi yomweyo kuti amene akulankhulayu si munthu. Ine sindichoka ku Zomba.

Ndithokoze ena mwachangu, mundikhululukire ngati ndadumpha wina, mutu sukugwira bwino. Mayi anga, amene munagulitsa mbuzi zanu osandiuza. Amayi a Mvano amene munabwera kudzachapa matope ndi kundipempherera. Anzanga a ku Chanco a m'gulu lathu la pa WhatsApp, amene munkaponya kangachepe pa Mpamba ndi pa Airtel Money mwezi ndi mwezi, ena mukuvutika inu nomwe. Achimwene a ku Johannesburg amene munanyamula audio interface, kachipangizo kolumikiza maikolofoni ku kompyuta, pamiyendo m'basi ulendo wonse kuopa kuti ingaphwanyike. Kalipentala wathu wa ku Chinamwali amene analola kulipidwa pang'onopang'ono. Mnyamata wa kabaza amene ankanyamula matabwa mvula ikugwa. Makasitomala awiri aja amene ntchito yawo inapita ndi madzi koma anati tijambulenso, osafuna kubwezeredwa ndalama. Mulungu amene amaona zam'seri akubwezereni mowirikiza, akuteteze ana anu, ndipo tsiku lanu la mavuto musadzasowe munthu.

Koma ndibwererenso kwa inu, Bambo. Loweruka tinakukonzerani mpando kutsogolo, munakana, munakakhala pafupi ndi batire kuti muziyang'anira magetsi. Ndinakuitanani kuti mudule riboni, munati adule ndi mayi anga. Ndalama ya lendi ndikakupatsani mumaibweza kudzera kwa amayi, akuti ndigulire mahedifoni a ana. Ndiye ndichite chiyani nanu? Bambo anga ondibereka anatisiya ndili wamng'ono, ndipo sindinkadziwa kuti pa msinkhu uno ndingapezenso munthu wondiitana kuti mwanangu ndi mtima wonse. Ambuye akusungeni, akupatseni maso owala ndi manja osanjenjemera, mudzaone ana awa akumveka pa wailesi zimene inu mwakonza.

Kalasi yachiwiri iyamba mwezi wamawa. Ndikufuna makamaka olankhula Chiyao ndi Chilomwe, ndiponso amayi ndi abambo achikulire, chifukwa mawu a gogo weniweni amasowa kwambiri ndipo ndatopa kumva achinyamata akunjenjemeretsa mawu kuti amveke okalamba. Malo awiri ndi aulere kwa achinyamata amene mabanja awo anakhudzidwa ndi Freddy, ndipo limenelo ndi ganizo la Bambo, si langa.

Pempho langa lomaliza ndi ili. Poti ine akundikanira ndalama, inu ndithandizeni. Ngati muli ndi wailesi yakufa, TV, amplifaya ya kutchalitchi kapena ya kumzikiti, musaitaye. Ndilembereni ku inbox ndikulozereni pakhonde pawo. Ndipo akakuuzani mtengo, chonde musanenerere.