Matemba a ku Chilwa amabisala m'maiwe

Amayi anatilera ndi matemba. Ankalawirira m'bandakucha kupita ku doko la Kachulu, n'kukagula matemba ouma kwa asodzi, n'kudzawagulitsa timilutimilu mumsika wa Zomba. Fizi yanga, yunifolomu, sopo, zonse zinkachokera m'dengu limenelo. Ndiye ine nkhani ya nyanja ya Chilwa sindinaimvere pa wailesi ayi, ndinkaionera m'mbale ya ndiwo.

Mu 1995 nyanja inaphwa. Ndinali ku pulayimale, ndipo tsiku lina amayi ananditenga kuti ndikadzionere ndekha. Mabwato anali atagona cham'mbali pamatope ong'aluka, njedza itauma gwa, anthu akupita ku chilumba cha Chisi wapansi. Ndinachita mantha. Koma agogo aamuna titawafotokozera sanatekeseke. Anangoti, "Mdzukulu wanga, inaphwanso mu 1968, koma inabwerera. Chilwa ndi mmene alili."

Agogo sananame. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ngati mmene Shire amachitira ku nyanja ya Malawi. Madzi amalowa kudzera m'mitsinje ya Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe, Sombani ndi Mnembo wochokera ku Mozambique, koma kutuluka kwake n'kumodzi basi: dzuwa ndi mphepo zimawamwa. N'chifukwa chake amamveka kamchere. Komanso ndi yosaya, ili ngati lichero, moti m'malo ambiri asodzi amayendetsa bwato ndi nsungwi yopondera pansi. Mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana kumapiri a Zomba ndi Mulanje, dzuwa la Okutobala limamaliza zotsalazo.

Chimene ndinkadzifunsa ndili mwana n'chakuti, madzi akabwerera nsomba zimachokera kuti? Wina amadzazithira? Ayi ndithu. Nyanja ikamaphwa, matemba, makumba ndi milamba zimathawira m'mitsinje, n'kukabisala m'maiwe akuya amene sauma ngakhale chilimwe chivute chotani. Mmenemo ndi mmene mumakhala mbewu. Mvula ikabwera, zimatsika ndi madzi osefukira, n'kukaswana m'madambo ndi m'njedza, ndipo pakapita zaka zochepa dengu limadzazanso. Nthawi ya chilala cha 1995 mafumu ndi a nthambi yoona za nsomba anagwirizana zoteteza maiwe amenewa, analetsa kuthiramo katupe, chomera chophera nsomba. Njala inalipo, nsomba zili pafupi zongotola, koma anthu ambiri anadzigwira. Ndimawalemekeza kwambiri anthu amenewo.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi amene amangobwereza mawu a agogo aja ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Mu 2018 mbali yaikulu ya nyanja inaumanso, mabwato n'kutsakamira pa Kachulu. Mu Malichi 2019 mvula yamphamvu ya nthawi ya namondwe wa Idai inaidzazanso, ndipo mu Malichi 2023 Freddy anathira madzi osaneneka ku Phalombe ndi ku Mulanje, anthu n'kufa, midzi n'kukokoloka. Mvula yoteroyo imadzaza nyanja, inde, koma imatsika ndi dothi la m'mapiri amene tinawameta mpala chifukwa cha makala. Dothi limenelo limakakwirira maiwe, lina n'kukakhala pansi pa nyanja, lichero lija n'kumaphwatalala. Madzi osaya amatentha msanga, amauma msanga. Onjezani masikimu a mpunga ndi madimba olimidwa mpaka m'gombe, onse akupatutsa madzi a mitsinje yomweyo. Sindikuwadzudzula alimiwo, mlongo wanga ndi mmodzi wa iwo ndipo ana ake amadya mpunga umenewo.

Mwezi watha ndinapita kukaona dziwe lina la mu Likangala limene tinkasambiramo tili anyamata. Linali lakuya moti tinkadumphira kuchokera pamtengo wa mkuyu, ndipo palibe amene ankagunda pansi. Mkuyuwo anaudula. Ndinavula nsapato, n'kuwoloka dziwe lonse madzi akulekeza m'mawondo, pansi pali mchenga wokhawokha.

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera amayi. Panopa akalamba, ku Kachulu anasiya kalekale. Anakhala chete kanthawi, kenako anandifunsa kuti, "Nanga nyanja ikadzaphwanso, matemba akabisala kuti?"