Kuyala miyala m'thanki ya makorali: zomwe ndaphunzira kuno ku Harare

Ife ochokera ku Malawi tikamva za nsomba zoweta m'thanki ya galasi, maganizo amathamangira ku mbuna. Ndi nsomba za kwathu, ndipo aliyense amene anaziwetapo amadziwa kayalidwe kake ka miyala: unjika yambiri, mapanga achuluke, yamphongo isamaonane ndi inzake pafupipafupi kuti ndewu ichepe. Inenso ndinayambira pomwepo, monga anzanga ena a ku Mufakose ndi ku Mabvuku amene agogo awo anabwera kuno kudzagwira ntchito kalekale. Koma chiyambireni kuphunzira za thanki ya madzi amchere, ya makorali, zamoyo za m'nyanja zimene zimakula zitamatirira pa miyala, ndaona kuti nzeru ya mbuna siipita patali. Kwa mbuna mwala ndi pobisalira basi. Kwa makorali mwala umasefa madzi, umanyamula zamoyo zimene zidzakulire pamwamba pake, komanso ndi umene umalamula kuti madzi adutse pati ndipo aime pati. Chomalizachi ndicho chandidyera nthawi yambiri.

Miyala kuno siisowa. Pitani ku Epworth kapena ku Domboshava mukaone granite mmene wadzazira. Koma granite ndi wogwirana kwambiri, alibe timabowo, ndipo m'thanki ya makorali angangokhala katundu wolemera. Mwala wofunika ndi wa calcium carbonate, mafupa a makorali amene anafa kalekale n'kumatirirana. Ukaunyamula umadabwa kupepuka kwake, ukauthira madzi umamwa. M'timabowo timeneto ndimo mumakhala mabakiteriya amene amasandutsa ammonia wochokera ku nsomba kukhala nitrite, kenaka nitrate. Mkatikati mwa mwala, momwe okosijeni safika wambiri, muli ena amene amasandutsa nitrate kukhala mpweya wa nitrogen, ngakhale kuti amenewa amagwira ntchito pang'onopang'ono moti sungawadalire okha.

Njira yodalira mwala wamoyo (wochokera m'nyanja uli kale ndi mabakiteriya ndi zamoyo zina), nyali zamphamvu ndi skimmer (chipangizo chochotsa nyansi m'madzi pogwiritsa ntchito thovu) inatchuka kuchokera ku Berlin m'zaka za m'ma 1970, ndipo mpaka lero imadziwika ndi dzina la mzindawo. M'mabuku akale muli lamulo loti uike pafupifupi kilogalamu imodzi ya mwala pa malita 8 aliwonse a madzi, ena ankati uwirikize kawiri. Werengani nokha: thanki ya malita 300 ndiye kuti makilogalamu oposa 35. Miyala yochuluka chonchi ilibe kolowera koma kuiyedzamitsa pagalasi lakumbuyo, kuyambira uko mpaka uko. Umo ndi mmene linayambira khoma lija mumaliona pa zithunzi za mathanki akale.

Kuno mtengo wokha umakuletsa kumanga khoma lotere. Nyanja yamchere yapafupi ili ku Beira, mtunda woposa makilomita 500, ndipo ngakhale utafikako sungangotola miyala ya makorali n'kuponya m'chikwama. Makorali olimba ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zamoyo pakati pa mayiko, ndi akufa omwe, choncho kuwaolotsa malire kumafuna chilolezo. Imene timagwiritsa ntchito ndi miyala youma, ina yokumbidwa pamtunda pomwe kale panali nyanja, ina yochita kupanga, ndipo yambiri imadzera ku South Africa, yogula pa kilo, m'madola. Mwala wouma uli ndi ubwino wake. Subwera ndi Aiptasia, kanyama ka m'gulu la anemone kamene kamawotcha makorali n'kumaswana osaleka. Ukhozanso kuuyala pa katoni, kuyesa, kuphwasula, kuyesanso mlungu wathunthu popanda chofa. Kuipa kwake n'kwakuti mulibe moyo. Pamafunika masabata 4 mpaka 6 kuti mabakiteriya akhazikike, ndipo pambuyo pake imabwera miyezi imene thanki imanyansa, ndere zofiirira kaye, kenaka zobiriwira. Amene amasungunula mchere m'madzi a pampopi kapena a borehole osadutsa pa makina osefa madzi a RO amakhalitsa m'nyengo imeneyi, chifukwa silicate, nitrate ndi phosphate za m'madzimo ndizo chakudya cha ndere.

Vuto lenileni la khoma lili kuseri kwake. Chakudya chotsala, chimbudzi cha nsomba ndi fumbi la miyala zimatsetserekera m'mipata n'kukakhala kumene dzanja silifika ndipo madzi sayenda. Zimawolera komweko, n'kumatulutsa nitrate ndi phosphate. Mwini thanki amangoona ndere zikukula kutsogolo osadziwa kumene zikudyera. Asintha madzi, agula mankhwala, achepetsa nyali, koma gwero lili phee kuseri.

Njira imene ndaphunzira yoonera zimenezi ndi yosalira ndalama. Tsinani chakudya cha nsomba pang'ono, muchinyenyenyenye, muchisiye kutsogolo kwa pampu yoyendetsa madzi, kenaka mugwade kuti maso afanane ndi mchenga. Tsatirani tizidutswato. Tina timazungulira thanki yonse n'kukwera pamwamba kupita ku sefa. Tina timafika pakona ya mwala, n'kuzungulirazungulira pamalo amodzi, kuchedwa, kenaka n'kutera. Pomwe tatera ndi pomwe nyansi zidzaunjikane mwezi ndi mwezi. Nthawi zina kungotembenuza mwala umodzi, kapena kuchotsa kamwala kamene katseka mpata, kumathetsa malo akufawo kuposa kugula pampu yachiwiri. Ndayeseranso zomwezi m'mathanki a anzanga, ndipo kawirikawiri malo oipa amakhala pomwe mwala wakhudza galasi lakumbuyo kapena pakona.

N'chifukwa chake ine ndinasankha milu iwiri yosiyana msinkhu, yoima payokha, yosakhudza galasi mbali iliyonse. Mpata wa pakati pa mwala ndi galasi ndimauyesa ndi dzanja. Ngati chikhatho ndi maginito yopukutira galasi sizidutsa momasuka, mwalawo wayandikira kwambiri. Pansi pa milu ndimasiya njira kuti madzi alowe mbali ina n'kutulukira ina.

Kuyenda kwa madzi kuno si nkhani ya ukhondo wokha. Harare ali pamalo okwera pafupifupi mamita 1,500, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka, moti madzi amasunga okosijeni wocheperapo ndi pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi a ku Beira kapena ku Durban. Madzi amchere paokha amasunga wochepa kuposa madzi opanda mchere, ndipo akatentha amachepetsanso. Thanki ya makorali imafuna madigiri 25 kapena 26, koma mu Okutobala m'nyumba mumatentha kupitirira apo. Onjezanipo kuthima kwa magetsi kumene tonsefe tikukudziwa. Pampu zikaima, mabakiteriya a m'miyala ndi a m'nyansi zowola saleka kupuma, amalimbirana ndi nsomba mpweya wochepa womwewo. Thanki yodzaza miyala ndiye kuti madzi ndi ochepa koma opuma ndi ambiri. Malangizo ambiri a pa YouTube amachokera kwa anthu okhala kumene magetsi sathimathima, choncho izi sazitchula kawirikawiri. Ine pa inveta choyamba kulumikiza ndi pampu yogwedeza pamwamba pa madzi, nyali pambuyo. Makorali amapirira mdima wa tsiku limodzi kapena awiri, koma madzi oima, otentha, amapha nsomba m'maola ochepa.

Za kulimba kwa mulu ndinaphunzira kwa amalume, amene agwira ntchito yomanga nyumba moyo wawo wonse, ndipo kwa iwo nsomba ndi ndiwo basi. Anandipeza pakhonde ndikuyesa miyala pa katoni imene ndinajambulapo kukula kwa thanki. Anaima pang'ono, kenaka anagwada n'kugwedeza mwala wapansi ndi chala.

"Mphwanga, usamaone kusalala kwa mwala. Uziona kuti wagunda pansi pangati."

"Ndiye uzigunda pangati, amalume?"

"Patatu. Mphika umakhala pa mafuwa angati?"

Anautembenuza kawiri katatu mpaka unakhala pa nsonga zitatu, n'kuukankhanso. Sunasunthe. Mwala wogunda panayi nthawi zambiri nsonga imodzi imakhala m'malere, ndipo m'madzi, momwe mwala umapepuka ndipo pampu ikuukankha usana ndi usiku, kugwedera kochepako kumakula. Chinanso, mwala wapansi ukhale pagalasi penipeni, mchenga uthiridwe pambuyo. Nsomba ya goby ndi pistol shrimp, kanyama konga nkhanu, zimakumba pansi pa miyala, ndipo mulu wokhala pa mchenga tsiku lina umapendekera n'kugwera galasi. Malita 300 pabalaza si nkhani yosekera.

Polumikiza miyala, amalume anati tingomanga ndi waya. Apa ndiye ndinawakanira mwaulemu. Chitsulo chimachita dzimbiri m'madzi amchere, ndipo kopa, ngakhale wochepa kwambiri, amapha makorali, nkhono ndi shrimp. Chimene chimagwira bwino ndi supaguluu wamadzimadzi ndi fumbi la mwala womwewo. Umathira fumbi m'mpata wa miyala iwiri, kulitsendera ndi kamtengo, kenaka n'kudonthezera guluu. Fumbi limamwa, limada pang'ono, limafunda, ndipo usanawerenge mpaka makumi awiri lauma gwa. Fungo lake limabaya m'maso, choncho ntchito imeneyi ndi yapanja. Epoxy wokanda ndi manja ndi wabwino kutsekera mipata koma payekha sagwira kwambiri. Pamene ukufuna mwala utambalale m'malere, umaboola miyala yonse iwiri n'kulowetsamo kandodo ka acrylic kapena ka fibreglass.

Chimene chanditengera nthawi yaitali kuchimvetsa n'chakuti miyala imene ukuyala lero si imene idzaoneke. Thanki ikayenda bwino, pakatha zaka ziwiri kapena zitatu mwala umabisika, chooneka ndi makorali. Ambiri mwa makorali ali ndi tindere tating'ono kwambiri m'thupi mwawo, zooxanthellae, timene timawapangira chakudya kuchokera ku kuwala. Choncho poyala miyala ukugawa kuwala. Korali wa mtundu wa Acropora amafuna pamwamba, pa kuwala kwambiri ndi madzi amphamvu. Euphyllia amakhala bwino chapakati, pomwe madzi amangomugwedeza pang'ono. Makorali a mushroom ndi zoanthid amakwanira chapansi. Mwala ukafika pafupi ndi pamwamba pa madzi, Acropora alibe kokulira, ndipo akatambalala amaphimba onse apansi pake. Ine mulu wautali ndimaulekeza pakati pa msinkhu wa madzi kapena kupitirira pang'ono. Thanki yatsopano yotere imaoneka yaumphawi, ndipo alendo amafunsa ngati ndalama zinandithera panjira. Ndimangowaseka.

Denga la mwala lotambalala nalonso limanyenga. Pa chithunzi n'lokongola, koma pansi pake ndi mthunzi, ndipo korali wodalira kuwala sakulapo. Limodzi ndi lokwanira, loti nsomba zizipumirapo.

Makorali sagwirizananso onse. Masana amaoneka ofatsa, koma dzukani usiku ndi tochi muone Galaxea. Amatulutsa timanja tatitali, toyera, totalika kuposa chala, n'kumafufuza mozungulira, ndipo korali aliyense amene timukhudza amapsa mbali imeneyo mpaka fupa kuonekera. Euphyllia amachitanso zomwezo. Ndiye malo a makorali otere amafunika kukonzedwa mwala usanamatidwe, pansonga payokha, ndipo madzi azikankhira timanjato kutali ndi anzawo. Green star polyps ndi Xenia vuto lawo ndi lina: zimayanga. Zikafika pa mulu waukulu zimaphimba chilichonse ndipo kuzichotsa ndi ntchito ya chaka. Zimenezi ndimaziika pa kamwala kakekake pakati pa mchenga, kosakhudzana ndi mwala wina uliwonse.

Za maonekedwe sindinena zambiri, poti aliyense ali ndi diso lake. Chimodzi chokha chimene si nkhani ya kukonda: madzi amapinda kuwala, moti ukayang'ana kutsogolo, thanki imaoneka yofupikirapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Mpata umene pa katoni ukuoneka waukulu, m'madzi umachepa. Usiyeni wokulirapo kuposa mmene diso likufunira, ndipo muziyang'ana mutakhala pampando umene mudzakhalepo, osati mutaimirira.

Komabe sindigwirizana ndi amene apita mbali inayo mopitirira. Masiku ano pa Instagram pali mathanki a timiyala titatu towondawonda toimirira pakati pa mchenga, opanda phanga ngakhale limodzi. Madzi amayenda bwino, inde, koma nsomba zigona kuti? Tang amafuna mpata wautali wosambiramo masana, koma usiku amalowa m'mng'alu, ndipo aliyense amafuna wakewake. Pobisala pakachepa, ndewu imachuluka ndipo nsomba yopanikizika siichedwa kudwala. Apa pokha nzeru ya mbuna imagwirabe ntchito. Poyala ndimawerenga nsomba zimene ndikufuna kudzaweta, n'kuonetsetsa kuti mipata yogona ikuposa chiwerengero chimenecho. Ngati sefa ikuperewera chifukwa miyala yachepa pamwamba, yotsalayo imapita mu sump, kathanki kosefera madzi kokhala pansi pa thanki, momwe imagwira ntchito yomweyo osatseka njira ya madzi.

Ndipo si miyala yonse yoyenera kumata. Maziko ndi zotambalala m'malere ndimamata zolimba, koma miyala ingapo yapamwamba ndimangoikhazika. Tsiku limafika loti nsomba yadwala kapena yayamba kuluma makorali ndipo iyenera kutuluka, kapena Aiptasia wamera pamalo oti mwalawo ukachotsedwe. Mulu womatidwa wonse kukhala chinthu chimodzi cha makilogalamu 15 sutuluka m'thanki popanda kuthyola makorali, ndipo nsomba yothawa ukonde imalowa pansi pake penipeni.